A Tsinzina ndi Kamunda ka Njiwa

A Tsinzina anali telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wometa ndi mulu wa malata ogulitsa. Dzinali sanabadwe nalo. Analitola chifukwa chilichonse chofuna kulunjika ankachichita ndi diso limodzi, kaya kulowetsa ulusi pasingano, kaya kuyeza chiuno cha munthu wonenepa amene akulumbira kuti waonda. Ena ankati ngakhale mkazi anamusankha atatsinzina, koma amene ankanena zimenezo ndi alamu awo, ndipo mawu a mlamu sapita nawo kubwalo.

Kusoka ankakudziwa, koma mtima wawo sunali pa makina. Phazi linkapalasa, manja ankakankha nsalu, khutu lili kumunda. Munthu akabweretsa thalauza nthawi ya mvula ankaitenga mawa lake. Akaibweretsa mpendadzuwa utayamba kuweramitsa mitu, ankayenera kukhala ndi ina kunyumba, apo ayi ayende atafunda bulangete.

Kamundako kanali kuseri kwa chigayo chakale, pansi pa mawaya a magetsi. Kukatchula kuti munda n'kukapatsa ulemu chabe. Woima kumalire a kum'mawa akayetsemula, wa kumadzulo ankapukuta kumaso. Malowo anali a akazi awo, osiyiridwa ndi malemu bambo awo, ndipo mayiwo analola amuna awo kuchitirapo zachibwana kuyambira chaka chimene analowana. Chakudya cha anthu sankadzalamo. Ankaika mpendadzuwa pakati, mapira m'mbali, n'kupalira mpaka pansi kuyera ngati pabwalo, poti njiwa sitola m'tchire. Imafuna kuyenda ikuona mapazi ake, ngati mayi wovala nsapato zatsopano. Mbewu zikakhwima sankakolola, ankangothyola mitu ingapo n'kuipukusira pansi. Pakona panali paipi yodontha imene a zamadzi anaiiwala kalekale, ndiye kachithaphwi sikankauma. Uku ndi uku kunali tsala lokhalokha, udzu ndi minga.

"Hotela ndi imodzi m'dera lino," ankatero a Tsinzina kwa wometa. "Wanjala alowera kuti?"

Pachulu cha pakati pa malire anamangapo kachisakasa ka mapesi. M'menemo ankakhala m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndi madzulo lisanalowe, legeni ili pabondo. Legeniyo inali ndi mphanda ya mgwafa, mphira wofiira wa chubu cha galimoto, ndi kachikopa kochokera ku lilime la nsapato yakale, kosokedwa ndi makina awo omwe. Miyala sankaikhulupirira. Ankaumba timibulu ta dongo n'kutiyanika padenga, tonse tofanana ngati mabatani a malaya amodzi. Kuchokera pachisakasapo panalibe kona imene mphira sunkafikako. Akagenda imodzi, zinzake zinkauluka n'kukatera pawaya, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, kuona minga yokhayokha, n'kutsikanso. Njala ilibe manyazi.

Zaka zimenezo zinali zokoma. A Tsinzina ankafika pakhomo thumba likulendewera, n'kuliponya pamphasa ngati munthu wobwera ndi njovu. "Mayi, sosolani." Mayi ankasosola akung'ung'udza kuti nthenga zadzaza nyumba, koma mchere sankaiwala. Ana onse anakulira msuzi wa njiwa, akukanganirana nthutumba mpaka kulirana. Ana aja anakula, anapita kutali kukagwira ntchito, nyumba inatsala ya awiri, koma thumba silinasiye kulendewera.

Kenaka a Hutala anabwerera kwawo.

A Hutala anali achimwene awo a mayi, dalaivala wa malole amene anapuma pantchito atayenda misewu yonse ya pansi pano, malinga ndi kunena kwawo. Dzinalo linachokera pakhosi: akanong'oneza, agalu a tsidya ankayankha. Anabwera ndi mimba, chipewa chachikopa, ndi khola la nkhunda zachilendo za nthenga mpaka kumapazi, zimene ankazikonda kuposa abale awo. Tsala lonse lozungulira kamunda kaja mbali zitatu analitenga, anaitana thirakitala, n'kudzala mpendadzuwa woti akagulitse kwa oyenga mafuta. Utachita maluwa, diso linkatopa lisanafike kumapeto.

Tsiku lina anakwera pakhonde atanyamula jekete yoti aikulitse.

"Alamu, muisiyire malo, mimbayi idakali paulendo."

"Nsalu yake ikachokera kuti, alamu? Kapena tichotse tenti ya lole?"

"Sokani inu, pakamwa pasiyeni. Koma kamunda kanu kaja kakundisowetsa mtendere. Kakhala ngati chigamba pa thalauza yatsopano. Thirakitala ikafika pamenepo imachita kukhota ngati yaona apongozi."

"Chigamba ndiye chimasunga ulemu wa munthu," anayankha a Tsinzina, mapini ali pakamwa. "Chotsani muone."

Wometa anaseka mpaka kudula kasitomala pakhutu.

Koma chaka chimenecho kuseka kunathera pakhonde pomwepo. A Tsinzina anakhala m'chisakasa monga mwa masiku onse, mbewu atapukusa, pansi atasesa. Njiwa zinabwera zambiri kuposa kale, mitambo yeniyeni, koma zinkangodutsa pamutu pawo n'kukagwera kwa a Hutala. Zochepa zinkatsika pachithaphwi, kumwa madzi mothamanga ngati anthu a pa basi, n'kubwerera. Imodzi ikatera m'kamundamo iwo n'kuphonya, sinkapitanso pawaya kukaganiza. Inkangowoloka malire, osabweranso. Nyengo yonse inatha mphika utalawa njiwa zosakwana dzanja limodzi.

A Hutala sanachedwe. Anadikira tsiku limene alamu awo anali kuntchito, n'kupita kwa mlongo wawo. Madzulo mayi anayala nkhaniyo pathebulo pamodzi ndi tiyi.

"Achimwene anabwera. Akufuna kamunda kaja. Akuti azitipatsa mafuta ophikira chaka chonse."

"Ndipo inu mwati chiyani?"

"Ndati malo ndi anga, koma misala imene ili pamenepo ndi ya amuna anga. Ndiye tamvani, bambo. Ndikupatsani nyengo imodzi. Njiwa zikabwerera mumphika muno, achimwene akhote ndi thirakitala yawo mpaka imfa. Zikapanda kubwerera, kamundako kapita. Sindingasunge malo odyetsa mbalame zimene ndimangozimva kulira."

"Mafuta opanda chokazinga mudzamwa ngati tiyi?"

"Ngakhale panopa chokazinga chili kuti?"

A Tsinzina anayang'ana m'kapu.

Mawa lake anapita nayo nkhaniyo kwa wometa, ndipo apa ndi pamene panalakwika. Wometa ndi munthu amene amaona mitu yambiri, ndiye amayesa kuti nzeru za m'mitumo zimatsalira pa lumo.

"Nkhani yake ndi yapafupi," anatero akunola lumo pachikopa. "Njiwa imaona kuchokera kumwamba. Ikayang'ana pansi ikuona mphasa uku, kampango uku, itera pati? Kulitsani munda, akulu. Mlamu amagonja ndi msinkhu."

Mbali yachinayi, imene a Hutala sanatenge, inali tsala la mwini chigayo. A Tsinzina anakalibwereka. Mvula isanagwe anali atalowamo ndi khasu, munthu amene manja ake anazolowera sizasi. Matuza anatuluka, anaphulika, anatulukanso ena. Makina anagona atafundidwa nsalu, ndipo mayunifolomu a ana a sukulu anapita kwa telala wina wa kumsika, amene ankasoka kolala ngati khutu la mbuzi. Mayi ankawathira madzi otentha pamsana madzulo, ndipo kathiridwe kake kokha ndi kamene kankalankhula.

Mpendadzuwa unamera bwino ndithu. Koma udzu nawo unamera, ndipo munthu mmodzi wa zaka zawo sakanatha kupalira malo onsewo mpaka kuyera. Akamaliza uku, kuja kwabiriwira. Komanso si iwo okha amene anaona maluwa a a Hutala chaka chapitacho. Mwini sitolo ya zitsulo anadzala wake kutsidya kwa msewu. Aphunzitsi aakulu anadzala kuseri kwa bwalo la mpira. Ngakhale wometa, mlangizi wamkulu uja, anadzala mwakachetechete kumunda kwa akazi ake. Dera lonse linasanduka lachikasu.

Mbewu zitakhwima, njiwa zinabweradi m'munda watsopanowo, ndipo tsiku loyamba a Tsinzina anatsala pang'ono kukagwira wometa chanza. Zinkatera pakati penipeni, gulu lalikulu, zikugwedeza mitu. Anakoka mphira mpaka kukhutu. Kambulu kanauluka, kanatopa panjira, kanagwa pansi ngati chitosi. Njiwa sizinadzidzimuke n'komwe.

Anasamutsa chisakasa n'kukachimanga pakati. Njiwa zinasamukira kumalire. Anachibweza kumalire, izo zinabwerera pakati. Anayesa kuwenda chokwawa m'mizere, mawondo akulira ngati chitseko cha sitolo, koma mbalame zikachuluka maso amachulukanso. Imodzi inkatukula mutu, zonse phaa, ulendo kwa aphunzitsi aakulu. Kumeneko zikaopsezedwa zinkapita kwa mwini sitolo, zikachoka uko kwa a Hutala, ndipo kwa telala zinkabwerera tsiku limene zafuna zokha. M'kamunda kakale mbalame inkabwera kwa munthu. M'munda waukuluwu munthu ndiye ankathamangira mbalame, ndipo mpikisano umenewo sunakomerepo wa miyendo iwiri wopanda mapiko.

"Zikuyenda bwanji ku esiteti?" ankafunsa a Hutala akakumana panjira.

"Zikunenepa, alamu. Ndikuzisiya dala."

"Zisiyeni ndithu. Ine ndikukolola sabata ya mawa, ndipo thirakitala ndaitana kale. Ndiuzeni msanga ngati ikhote kapena iwongoke."

Mayi anali atasiya kufunsa. Ankangoyang'ana thumba likamalowa pakhomo, lopyapyala ngati sokosi, n'kubwerera ku nyemba zawo.

M'mawa wa tsiku limene a Hutala anayamba kudula mitu ya mpendadzuwa wawo, a Tsinzina anasiya munda waukulu uja n'kukakhala pachulu chawo chakale, pamene panatsala mapesi owerengeka a chisakasa choyamba. Sanayembekezere kanthu. Anangofuna kukhala pamene anazolowera. Anapukusa mutu umodzi wa mpendadzuwa patsogolo pawo, mwa chizolowezi chabe, n'kutsamira.

Anamva mapiko. Mbalame ziwiri zinatera pafupi, pafupi kwambiri moti akanatha kuziponyera chipewa. Zinali zonenepa, zoyenda mwaulemu ngati akuluakulu a mpingo. Anatsinzina, anakoka, anasiya. Imodzi inagwa chagada. Inzake inadumpha pang'ono, n'kuima, n'kumayang'ana ngati ikufunsa kuti mnzanga watani. A Tsinzina anaika kambulu kena, n'kugendanso. Nayonso inagwa.

Munthu wodekha akanadzifunsa kuti njiwa yodikira kugendedwa kachiwiri inayamba liti. Koma a Tsinzina anali atadikira nyengo ziwiri. Anaziponya m'thumba, n'kuyamba ulendo wa kunyumba modzera njira yaitali. Anadzera pakhonde, anakweza thumba kuti wometa aone kulemera kwake. Anadzera kumunda kwa a Hutala, n'kuima pamalire.

"Alamu, tasiyani kaye zikwakwazo. Tiyeni kunyumba mukaone chinthu. Ndipo wa thirakitala mumuuze ayambe kuphunzira kukhota."

A Hutala anawatsatira akupukuta thukuta ndi chipewa.

Mayi anali pakhonde la kuseri akutsuka mbale. Thumba linagwa pamphasa ndi mdidi umene nyumbayo inali itauiwala.

"Mayi, sosolani."

Mayi anapukuta manja pachitenje, anamasula thumba, anatulutsa mbalame imodzi. Anaitembenuza. Inali ndi mapiko a mawanga oyera, ndi nthenga mpaka kumapazi. Anatulutsa inayo. Chimodzimodzi.

A Hutala anatsegula pakamwa, ndipo nkhuku za pabwalo zinathawiratu.

"Nkhunda zanga. Alamu, mwapha nkhunda zanga. Zimenezi ndinayenda nazo pampando wa kutsogolo, ine ndikugona ndi njala izo zikudya. Yaikaziyo inali ndi mazira. Munthu wamkulu ngati inu, kulephera njiwa mpaka kulowa m'khola la..."

"Achimwene, takhalani chete."

"Ndikhale chete bwanji, pamene..."

"Ndati khalani chete."

Mayi sankayang'ana achimwene awo. Ankayang'ana amuna awo, amene anaima akumwetulira mosokonezeka, ngati munthu amene akuganiza kuti mlamu wayamba nthabwala zake. Ananyamula mbalame imodzi, anabwerera nayo m'mbuyo pang'ono mpaka pamzere woyanika zovala, n'kuikweza m'mwamba.

"Bambo, pakhosi apa mukuonapo chiyani?"

A Tsinzina anatsinzina diso lamanzere. Kenaka analitsegula n'kutsinzina lamanja. Kenaka anatsegula onse.

"Mkanda wakuda uja. Wa njiwa."

Pakhosipo panali poyera ngati thonje.

Madzi ankadontha kuchokera m'mbale imene mayi anaisiya pathandala. A Hutala anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso. Mayi anayandikira, n'kuika mbalameyo m'manja mwa amuna awo. A Tsinzina anaibweretsa pafupi ndi mphuno, anaisisita pakhosi ndi chala, anatsika mpaka kumapazi, anagwira nthenga zija. Anakhala pansi pa mpando wa ndalema pang'onopang'ono.

"Ng'ala imeneyo ndinaiona kale," anatero mayi motsitsa mawu. "Mumayesa singano zimene mumazipeza m'mawa zili ndi ulusi kale, amalowetsa ndi angelo?"

"Ndinkayesa ndinalowetsa dzulo lake n'kuiwala."

"Kuiwala ndiye mumaiwaladi. Koma ulusi ndi ine."

Apa ndi pamene a Tsinzina anazindikira chimene kamunda kaja kankawachitira. Kankabweretsa mbalame pafupi, pamene diso lokalamba linkathabe kugwira ntchito, ndipo kankazibweza akaphonya. Kankawabisira ukalamba ngati mmene lamba amabisira thalauza yokula. Minda itachuluka, itakula, zonse zinapita patali, ndipo patali ndi pamene iwo anali atasiya kale kuona.

A Hutala anatsokomola. Mawu amene anatuluka anali aang'ono, moti akanakhala pamsewu palibe akanawazindikira.

"Iyayi, alamu. Mbalame ndi mbalame. Ya mapiko, ya mlomo. Pangano lakwana. Kamundako khalani nako, thirakitala izikhota, ndi ntchito yake."

A Tsinzina anatukula mutu. Kunyozedwa ndi mlamu anakuzolowera, kunali ngati mchere wa tsiku ndi tsiku. Koma kumveredwa chisoni ndi mlamu, kumeneko kunali munga wa pansi pa phazi.

"Mwayamba liti kulankhula ngati namwino, alamu? Pangano linali la njiwa. Izi ndi nkhunda, ndipo ndi zanu. Thirakitala iwongoke."

"Bambo," anatero mayi, "palibe akukuthamangitsani."

"Ndikudziwa, mayi. Koma ndikakhalanso pachulu paja, chaka chamawa ndidzabwera ndi bakha wa aphunzitsi aakulu. Chaka chinacho mwana wa mbuzi. Mudzatopa ndi milandu." Anapereka mbalameyo. "Sosolani basi. Zafa kale. Alamu, mudya konkuno. Si bwino munthu kuikidwa m'manda mwini wake palibe."

A Hutala anadya. Anadya akudandaula, akutchula mtunda umene anayenda nazo, akufotokoza mmene yaimunayo inkawalandirira pachipata, koma mafupa anawatafuna mpaka kuyera, ndipo msuzi anapempha wina. Pochoka anaima pakhomo n'kunena kuti kuchipatala chachikulu amachotsa ng'ala, mnzawo wina wa malole anachotsedwa ndipo tsopano amaona ngakhale zimene sakufuna. A Tsinzina anati adzaganiza. Mayi anati kuganizako aganizira m'basi.

Thirakitala inabwera kukolola kutatha. Mayi anati palibe chifukwa chopitira kumeneko, koma ataona amuna awo akuvala nsapato, nawonso anatenga mpango. Anakaima m'mbali mwa chigayo. Woyendetsa anaimitsa injini n'kufunsa kuti malo atsopanowo ndi ati. A Hutala analoza ndi chipewa.

"Pomwepa basi?" anafunsa woyendetsayo. "Ine ndimayesa ndi munda."

Analiza injini, anapita, anabwerera, anapitanso, ndipo fumbi lisanakhazikike n'komwe anali atafika kale kutali, pakati pa munda wa a Hutala. A Tsinzina anayenda pang'ono m'zibuma, akufufuza ndi phazi pamene panali malire. Dothi linali limodzimodzi paliponse.

Mayi anawagwira pachigongono. "Tiyeni, dzuwa lakula."

Anatembenuka. Atayenda pang'ono anaima, n'kupendeketsa mutu. Kumwamba kunkamveka kulira kwa njiwa kuja, kofewa, kobwerezabwereza.

"Pawayapo zilipo?"

"Zadzaza, bambo. Mpaka waya wawerama."

"Zikuyang'ana kuti?"

Mayi anaphimba maso ndi dzanja, anayang'ana nthawi ndithu.

"Kwa achimwene."

"Zopanda ulemu," anatero a Tsinzina. "Agogo awo ndinawalera ine."